Sitima ziwili pa njanji imodzi: nkhani ya Kopala ndi ya pathebulo

Ife a pa Kopala timadumpha njanji tsiku lililonse popita kumsika, osakumbukila kuti matauni athu anamela m'mbali mwake. Njanji yocokela kum'mwela inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905. Mu 1906 inafika ku Broken Hill, kumene lelo timati Kabwe, ndipo mu 1909 inadutsa pa Bwana Mkubwa ndi Ndola mpaka kumalile a Congo. Migodi ikuluikulu ya mkuwa itayamba, njanji inacita nthambi: ya ku Luanshya mu 1929, kenako za ku Nkana, Nchanga ndi Mufulira. Pamene tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936, sitima zinali zitayamba kale kulila pa Nkana.

Njanji yaikuluyo inali ya mzele umodzi cabe. Malasha a ku Wankie anali kukwela kudzasungunula mkuwa, ndipo mkuwa unali kutsika kupita kudoko la Beira. Injini za nthunzi za Garratt, zambili zopangidwa ndi Beyer, Peacock ku Manchester, ndizo zinali kukoka katunduyo. Conco funso la tsiku lililonse linali lakuti: sitima ziwili zikayang'anizana pamzele umodzi, iti iime ndipo iti ipite?

Poyamba yankho linali m'manja mwa anthu a pamasitesheni. Anali kumvana pa lamya, sitima imodzi n'kuiloŵetsa pamzele wapambali, ndipo woyendetsa sanali kunyamuka popanda cilolezo. Pambuyo pake panabwela njila yochedwa CTC. Munthu mmodzi, ali m'cipinda cimodzi, anali kuona pa bolodi ya tumagetsi pamene sitima iliyonse yafika, n'kusintha masigino ndi mapointi a kutali kwambili. Mu 1967 Rhodesia Railways inagawika, Zambia Railways inabadwa ndi likulu lake ku Kabwe, ndipo injini za dizilo zinayamba kuloŵa m'malo mwa za nthunzi. Koma m'zaka zotsatila kuba mawaya ndi kusoŵa kwa ndalama zokonzela kunazimitsa masigino ambili, oyendetsa n'kuyamba kudalila mauthenga a pawailesi. Njanji inapatsidwa kwa Railway Systems of Zambia mu 2003, boma n'kuitenganso mu 2012.

Funso lomweli linavutitsanso anthu okonda tusitima tung'onotung'ono toyenda ndi magetsi pathebulo. Kale, magetsi anali kupita m'njanji molunjika kumota ya injini. Ukawonjezela mphamvu, injini zonse zili pamzelewo zithamanga pamodzi. Ukazimitsa, zonse ziima. Kuti ziwili ziyende payokhapayokha, anali kudula njanji m'zigawo, cigawo ciliconse ndi switchi yake, pansi pa thebulo n'kudzala mawaya ngati cisa ca mbalame.

Mu 1979 kampani ya Hornby ku Britain inatulutsa Zero 1, ndipo Märklin ku Germany inatsatila ndi njila yakeyake ya dijito. Vuto linali lakuti zida za kampani imodzi sizinali kumvana ndi za ina. Cinasintha zinthu ndi njila imene Bernd Lenz wa ku Germany anakonza, imene bungwe la NMRA ku America linaivomeleza m'zaka za m'ma 1990 kukhala muyezo wa onse, wochedwa DCC. Mu DCC njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo magetsiwo amanyamula mauthenga. Injini iliyonse ili ndi kacipangizo kochedwa dekoda, kokhala ndi nambala yake. Uthenga umafika kwa zonse, koma imamvela ndi yokhayo imene nambala yake yaitanidwa.

Nchito yovuta ndi kuika dekoda m'tuinjini tating'ono. Pa sikelo ya N, pakati pa zitsulo ziwili za njanji pali mamilimita 9. Pa sikelo ya Z, imene Märklin inayambitsa mu 1972, pali 6.5 cabe. Injini zatsopano zambili zimabwela ndi soketi, monga ya mapini 6 yochedwa NEM 651, ndipo dekoda umangoisomeka. Zakale zilibe, moti nthawi zina umafunika kupala citsulo ca mkati kuti malo apezeke. Lamulo loyamba ndi kulekanitsa mota ndi mawilo otenga magetsi kunjanji. Ukasiya pamene zikhudzana, dekoda imapsa nthawi yomweyo. Waya wofiila ndi wakuda amapita kumawilo, wa olenji ndi wotuwa kumota, woyela ndi wacikasu kumanyale a kutsogolo ndi kumbuyo. Dekoda yatsopano imayankha ku nambala 3 mpaka mwini wake ataipatsa ina.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Coyamba, mphamvu ya muyezo umodzi tinaiona kale. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, cimodzimodzi ndi ya ku Zimbabwe, South Africa, Katanga ndi TAZARA, imene inayamba kuyenda mu 1975. Ndiye cifukwa cake ngolo yopakila mkuwa ku Ndola ingafike ku Durban kapena ku Dar es Salaam osasintha mawilo.

Caciwili, makampani akuluakulu a tusitima amapanga kwambili za ku Ulaya ndi America. Wofuna Garratt yokoka malasha kuloŵa mu Nkana, pa sikelo ya 1:87, afunika njanji ya mamilimita 12 ndi manja akeake. Manjawo tili nawo. Anyamata ndi atsikana amene amawochelela tuzipangizo ta mafoni ku Chisokone ndi ku Masala amagwila tinthu tocepa kuposa dekoda, ndipo ambili a ife tinakula tikupinda magalimoto a waya m'makomboni. Injini zenizeni za nthunzi zaima ku Railway Museum ku Livingstone, kumene munthu angapite ndi tepi n'kuzipima. Wodziŵa kuyendetsa tusitima tuwili pamzele umodzi osagundana wamvetsa kale funso limene njanji ya Kopala ikali kufuna yankho lake.