Gule wa ku Harlem: kutchuka kunafika msanga, ntchito inachedwa

Mbiri ya gule wa vogue ikutiphunzitsa kuti kuonekera pa kanema ndi kukhala pa ntchito yodyetsa munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Guleyu anakulira m'mipikisano ya usiku ku Harlem, mumzinda wa New York, kumene anthu akuda ndi a Chilatino, ambiri mwa iwo amuna okonda amuna anzawo komanso obadwa amuna koma okhala moyo wachikazi, ankapikisana pa kavalidwe, kayendedwe ndi kavinidwe. M'zaka za m'ma 1970, Crystal LaBeija, atatopa ndi oweruza okondera azungu, anayambitsa House of LaBeija, kenaka nyumba zina monga Xtravaganza ndi Ninja zinatsatira. Nyumba iliyonse inali ndi mayi kapena bambo wolera achinyamata opirikitsidwa kwawo, kuwadyetsa ndi kuwaphunzitsa kupinda mikono, kuima ngati akazi a m'magazini ya Vogue ndi kudzigwetsa pansi mwaluso. Sukulu ya guleyu inali imeneyo, ndipo malipiro ake anali zikho ndi ulemu basi.

Dziko linadzidzimuka mu 1990. Madonna anatenga Jose Gutierez ndi Luis Camacho a nyumba ya Xtravaganza kuti akonze kavinidwe ka nyimbo yake ya Vogue, nayenda nawo pa ulendo wa Blond Ambition. Chaka chomwecho kunatuluka filimu ya Jennie Livingston yonena za mipikisanoyi, Paris Is Burning, yomwe inapanga ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni, pamene anthu 13 ooneka m'menemo anagawana madola 55,000. Willi Ninja ndiye anafika patali: anavina mu kanema wa Malcolm McLaren mu 1989, anaonetsa zovala za Jean Paul Gaultier, naphunzitsa atsikana oonetsa mafashoni kayendedwe. Koma ngakhale iye ankadalira maganyu obwera mwa apo ndi apo. Olima anali ena, okolola ena.

Ena amati Madonna anatsegula chitseko, ndipo pakanapanda iye guleyu sakanadziwika. Nzoona kuti anawalemba ntchito anyamata aja, koma ntchito ya ulendo umodzi imatha ulendowo ukatha, ndipo anthu mamiliyoni anatsala akuganiza kuti mwini gule ndi woimbayo. Enanso amati chomwe chinadula ntchito za ovinawa ndi Edzi, osati umbombo wa makampani. Imfazo nzosatsutsika: amayi a nyumba Angie Xtravaganza ndi Dorian Corey anamwalira mu 1993, Willi Ninja mu 2006 ali ndi zaka 45. Komabe mliri womwewo unakanthanso magulu a gule wa ballet ndi a magule amakono, koma iwo anali ndi masukulu, ndalama zothandizira ndi zosungira mbiri, moti ntchito za omwalira zinapitirira ndi maina awo. Mpata umenewu ndi womwe katswiri wa magule Trajal Harrell anauvumbula kuyambira mu 2009, pamene anapeka magule ofunsa chomwe chikanachitika wovina wa ku Harlem akanalowa ku Judson Church mu 1963, kumene akatswiri ambiri achizungu ankayala maziko a kavinidwe katsopano.

Kusintha kwenikweni kunabwera pamene eni gule anayamba kulembedwa monga opeka ndi oweruza, osati ongokometsera kumbuyo kwa woimba. Sewero la pa wailesi yakanema la Pose, lomwe linayamba mu 2018, linapatsa wovina vogue Leiomy Maldonado udindo wokonza kavinidwe, ndipo mu 2020 iye anakhala woweruza pa mpikisano wa Legendary. Ngakhale apo maziko ngosalimba, pakuti Legendary inathetsedwa mu 2022, pamene nyumba zija zikupitirizabe kulera ndi kuphunzitsa. Choncho poyeza ngati guleyu walemekezedwa, tisawerenge oonera. Tifunse ngati dzina la wopeka lalembedwa, ngati walipidwa moyenera, komanso ngati gawo la phindulo likubwerera kwa amayi a nyumba omwe anamuphunzitsa.