Kuyamwitsa mwakathithi pa dzuwa la ku Moatize

Mayi wa ku Bagamoyo, m'tauni ya malasha ya Moatize, akabereka khanda kupita nalo ku sikelo amakumana ndi zinenero zitatu. Khadi la mwana linalembedwa m'Chipwitikizi, anamwino amalongosola m'Chinyungwe, ndipo achibale a ku Zóbuè, kumalire ndi Mwanza, amabwera ndi mawu a Chichewa amene amamva pa wailesi za ku Malawi. Kunyumba kuli apongozi, amene analera ana awo mpaka kukula. Onsewa amamufunira mwanayo zabwino, koma mayi sangasankhe bwino ngati mawu a kuchipatala wangowamva theka.

Mawu amene amavuta kwambiri ndi akuti kuyamwitsa mwakathithi, amene anamwino a ku Mozambique amati aleitamento materno exclusivo. Ambiri amayesa kuti ndi kuyamwitsa pafupipafupi basi. Tanthauzo lake lonse ndi lakuti kwa miyezi 6 yoyambirira mwana asalawe china chilichonse koma bere: madzi ayi, tiyi ayi, kaphala kamadzimadzi ayi. Zololedwa ndi mankhwala a kuchipatala, katemera ndi madzi a ORS akatsegula m'mimba. Bungwe la WHO linakhazikitsa malire a miyezi 6 amenewa mu 2001. Chisanafike chaka chimenecho, achipatala ankanena kuti phala lingayambe pakati pa miyezi 4 ndi 6. Choncho apongozi akamati iwo anauzidwa miyezi inayi sakunama, ndipo ndimamva chisoni ndikaona akunyozedwa ngati osadziwa kanthu. Malangizowo ndiwo anasintha, achipatala ataona kuti ana oyamba msanga zakudya amatsegula m'mimba kawirikawiri.

Mkangano weniweni uli pa madzi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Moatize kumapitirira madigiri 40, ndipo agogo akaona khanda likulira amati, "Mwananga, mwanayu kukhosi kwauma, m'patseko timadzi." Ndi mawu achifundo, ndipo mayi amene ludzu likumuwawa iyemwini savutika kuwakhulupirira. Komatu pafupifupi magawo 88 pa 100 a mkaka wa m'mawere ndi madzi. Mimba ya khanda ndi yaing'ono, madzi akalowamo amalanda malo a mkaka, ndipo akakhala osawiritsa amalowa ndi tizilombo. Woyenera kumwa madzi ambiri ndi mayi. Pofuna kudziwa ngati mwana akukhuta, sitiyang'ana kulira kokha: khanda loyamwa mokwanira limakodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, ndipo mzere wake pa khadi la sikelo umakwera mwezi ndi mwezi.

Palinso chithuwi, mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena ankafinyira pansi poti ndi wonyansa. Umatuluka pang'ono koma ndi wodzaza ndi chitetezo ku matenda, nchifukwa chake azamba amaika mwana ku bere ola loyamba lisanathe.

Nanga ayamwe kangati? Makolo ophunzira ena amafuna ndandanda ya maola, koma dokotala wa ana amayankha kuti nthawi iliyonse mwana akafuna, usana ndi usiku, kosachepera kasanu ndi katatu pa tsiku. Bere limapanga mkaka malinga ndi mmene mwana akuyamwira. Mayi akayamba kuonjezera phala poopa kuti mkaka wake ndi wochepa, mwana amayamwa pang'ono, mkaka n'kuchepadi, mantha aja n'kuoneka ngati anali oona. Mwana amalizenso bere limodzi asanapite ku linzake, popeza mkaka woyamba kutuluka ndi wothetsa ludzu, pamene wakumapeto uli ndi mafuta okhutitsa.

Apa malangizo amawombana ndi ntchito. Lamulo la ntchito la ku Mozambique la 2023 linakweza tchuthi cha uchembere kuchoka pa masiku 60 kufika pa 90. Ndi miyezi itatu, pamene chipatala chikufuna isanu ndi umodzi. Mayi wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Zóbuè amakhala ndi mwana kumsana, koma wogwira ntchito mu ofesi kapena ku mgodi sangatero. Anamwino amaphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovundikira, kuti wotsala naye mwana azimumwetsa ndi kapu yomweyo, chifukwa botolo limavuta kutsuka. Mkaka wa m'chitini uli ndi malo ake, monga kwa mwana amene mayi ake amwalira, koma ndi wodula, ndipo ndalama zikachepa anthu amausungunula ndi madzi ochuluka kuti chitini chikhalitse. Mayiko anagwirizana mu 1981 zoletsa kutsatsa mkaka umenewu mokopa amayi. Mayi amene ali ndi HIV amauzidwa kumwa ma ARV mosadumphitsa ndi kuyamwitsa mwakathithi ngati mnzake aliyense.

Miyezi 6 ikakwana, bere lokha silikwaniranso, komabe mwana apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Achipatala akanena papas enriquecidas akutanthauza phala lotsiramo zina: la mgaiwa, lolimba moti silikuyenderera pa supuni, lokhala ndi nsinjiro, dzira, masamba osinja, ufa wa kapenta wa ku Cahora Bassa kapena wa malambe, amene ku Tete sasowa. Poyamba timasupuni tiwiri kapena titatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo pofika miyezi 9 adye katatu kapena kanayi. Phala la ufa woyera wokhawokha limadzaza mimba koma mwana sakula nalo.

Zotsatira za kusadya mokwanira zili ndi mayina awiri amene anthu amawasokoneza. Kunyentchera ndi kuonda koonekeratu, ndipo aliyense amachita nako mantha. Kupinimbira ndi kusatalika molingana ndi msinkhu, kumene kumabwera mwakachetechete, anthu n'kumangoti watengera ufupi wa bambo ake. Kafukufuku wa boma wa 2011 anapeza kuti ana 43 pa 100 osakwana zaka zisanu m'Mozambique anali opinimbira, ndipo wa 2022 mpaka 2023 anapeza 37.

Kumudzi kuli dzina lachitatu, tsempho. Mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, akuluakulu amafunsa kuti ndani mwa makolo sanadzisunge. Zimandipweteka kuona masiku akutha banja likufufuza wolakwa mwana akufooka. Achipatala amaona zizindikiro zomwezo n'kunena kuti ndi kusowa kwa zakudya m'thupi kumene kwafika poipa. Amadina pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo pakatsala maenje, mwanayo ayambe chithandizo tsiku lomwelo, kaya ndi mkaka wapadera wa m'chipatala kapena chiponde. Nkhani za m'banja akuluakulu angazikambe mwana ali kale m'manja mwa anamwino.