Kupima kacirombo ka HIV ndi zimene kamacita ku ubongo

LUSAKA – Anthu ambiri amadziwa kuti kacirombo ka HIV kamafooketsa citetezo ca thupi, kamaondetsa munthu ndi kutsegulira khomo matenda monga cifuwa ca TB. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti kacirombo kameneka kamafikanso ku ubongo. Mwa anthu ena cizindikiro coyamba sicikhala cifuwa kapena kutsegula m'mimba, koma mutu wosaleka kuwawa, kuiwalaiwala, kugwa khunyu kapena kusintha kwa khalidwe.

Zotere zikacitika, mabanja ambiri amayamba kuganizira za ufiti, ziwanda kapena misala, ndipo wodwala amafika ku cipatala patapita masabata. Kucedwa kumeneku ndiko kumataitsa miyoyo, pakuti ambiri mwa matenda amenewa ali ndi mankhwala ngati adziwika msanga. Kudziwika kwake kumayambira pa kupima magazi.

Mbiri ya kupima m'dziko la Zambia

Matenda a AIDS anadziwika koyamba m'dziko muno mu 1984. Mu 1987, mtsogoleri woyamba wa dziko, malemu a Kenneth Kaunda, anaulula poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi matendawa. Mu 1990, malemu a Winstone Zulu anakhala munthu woyamba m'dziko muno kulengeza kuti ali ndi kacirombo.

Pa zaka zimenezo anthu ambiri sanali kuona phindu la kupimitsa cifukwa kunalibe mankhwala. Zinthu zinasintha pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'makiliniki ena a mu Lusaka mu 2004, ndipo mu 2005 boma linacotsa malipiro a mankhwalawa m'dziko lonse.

Kafukufuku wa mu 2001 ndi 2002 anapeza kuti anthu akuluakulu pafupifupi 16 pa 100 alionse anali ndi kacirombo, ndipo m'cigawo ca Lusaka anali 22 pa 100 alionse. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti ciwerengero ca dziko lonse cinali 11 pa 100 alionse. Mwa amene anali ndi kacirombo, 89 peresenti anali kudziwa za umoyo wao. Izi zitanthauza kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 10 alionse a kacirombo sanali kudziwa. Anthu otere, pamodzi ndi amene analeka mankhwala panjira, ndiwo ali pa ngozi yaikulu ya matenda a ubongo.

Mmene kupima kumacitikira

Kupima kwa masiku ano kumafuna dontho la magazi a pa cala, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Kacipangizo kopimira sikaona kacirombo kenikeniko. Kamaona zida zimene thupi limapanga polimbana nako, zochedwa ma antibody.

Ngati kupima koyamba kwaonetsa kuti kacirombo kangakhalemo, wa zaumoyo amapimanso ndi kacipangizo ka mtundu wina. Munthu sauzidwa kuti ali ndi HIV cifukwa ca kupima kumodzi cabe. Zotsatira zikasemphana, amapimidwanso pambuyo pa masabata awiri kapena magazi ake amatumizidwa ku labotale.

Thupi limatenga nthawi kuti lipange zida zimenezi. Munthu amene wangotenga kacirombo angapimidwe ndi kupezeka ngati alibe, kufikira patapita masabata atatu kapena ngakhale miyezi itatu. N'cifukwa cake amene akukayikira amauzidwa kubwereranso.

Pali ndiponso kacipangizo kodzipimira wekha kochedwa OraQuick, kamene amapaka ku nkhama. Kakaonetsa mizere iwiri, munthu afunika kupita ku kiliniki kuti akatsimikize.

Makanda amapimidwa mwa njira ina. Mwana wobadwa kwa mai wa kacirombo amakhala ndi ma antibody a mai wake kufikira miyezi 18, cotero amatengedwa magazi a ku cidendene amene amapimidwa ndi makina ofufuza kacirombo kenikeniko.

Mu Lusaka, kupima ndi kwaulere m'makiliniki a boma monga a Kabwata, Kamwala ndi Chelstone. Okhala ku Woodlands ali pafupi ndi cipatala ca Chilenje, pamene a ku Kabulonga ali pafupi ndi makiliniki a Kalingalinga ndi Mtendere, kuphatikizapo zipatala zolipira. Kuyambira mu 2017, anthu ofika pa zipatala za boma ndi matenda ena amalimbikitsidwa kupimitsanso HIV.

Munthu akapezeka ndi kacirombo amayamba ma ARV mwamsanga, kawirikawiri tsiku lomwelo. Koma pali kupima kwina kofunika, kwa CD4, kumene kumawerenga asilikali a m'thupi. Ciwerengero cikakhala pansi pa 200, ndiye kuti matenda afika patali, ndipo ubongo uli pa ngozi.

Mmene kacirombo kamaonongera ubongo

HIV imalowa mu ubongo m'masabata oyambirira munthu atangoitenga. Imanyamulidwa ndi maselo oyera a magazi amene amadutsa cinga coteteza ubongo. Kacirombo sikalowa m'maselo amene munthu amaganizira, koma kamakhala m'maselo amene amasamalira ndi kuteteza ubongo. Maselo amenewa akakwiya amatulutsa zinthu zimene zimaononga pang'onopang'ono njira zimene mauthenga amayendamo.

Kuonongeka kumeneku akatswiri anakugawa m'magulu atatu mu 2007. Gulu loyamba ndi la anthu amene bvuto lao limaoneka pokhapokha atayesedwa. Laciwiri ndi la amene ayamba kubvutika pa nchito za tsiku ndi tsiku. Lacitatu ndi la amene nzeru zao zasokonezeka kwambiri kotero kuti sangathe kudzisamalira.

Ciyambi cake cimakhala cobisika. Wogulitsa pa msika wa Soweto amayamba kulakwitsa cenji imene anali kuwerengera pamtima. Kalaliki wa mu ofesi ya mu Cairo Road amatha tsiku lonse pa nchito ya ola limodzi. Wina amaiwala cimene wapitira ku sitolo, zolemba zake zimasintha, manja sagwira bwino mabatani a malaya, ndipo kayendedwe kamakhala kozengereza. Ena amangokhala cete, osafunanso kuceza kapena kupita ku chalichi, ndipo abale amayesa ndi ulesi kapena kunyada.

Ma ARV asanabwere, gulu lacitatu linali lofala pakati pa odwala AIDS. Tsopano limaoneka kamodzikamodzi, makamaka mwa amene sali pa mankhwala. Magulu awiri oyamba akalipo ngakhale pakati pa amene amamwa mankhwala bwino.

Palibe kupima magazi kumene kumaonetsa bvuto limeneli. Dokotala amafunsa wodwala ndi abale ake, ndipo angagwiritse nchito mayeso a mphindi zocepa: kukumbukira mau anai, kugunditsa zala mofulumira ndi kutsatira kayendedwe ka dzanja. Amafufuzanso zinthu zina zimene zimabweretsa zizindikiro zofanana, monga kubvutika maganizo, mowa, BP, shuga, ukalamba ndi cindoko, cimene ambiri amati kaswende.

Matenda olowerera pamene citetezo catsika

Ngozi yaikulu koposa imacokera ku tizirombo tina timene timapeza mpata citetezo cikagwa.

Oyamba ndi matenda oumitsa khosi obwera ndi fangasi yochedwa Cryptococcus, imene imapezeka m'dothi, m'mitengo yoola ndi m'zitosi za mbalame. Munthu amaipuma ndi mpweya. Amayamba ndi mutu umene umakulirakulira kwa masiku kapena masabata ndipo sumva Panado, kenaka kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kusokonezeka. Khosi silimauma nthawi zonse. Akatswiri anawerengera kuti mu 2020 matendawa anapha anthu pafupifupi 112,000 pa dziko lonse lapansi, pafupifupi imfa imodzi mwa imfa zisanu zilizonse za AIDS.

Aciwiri ndi TB ya ku ubongo, imene imabwera ndi kutentha thupi, mutu ndi tulo tosaleka. Kafukufuku wocitidwa pa cipatala cacikulu ca UTH anaonetsa kuti fangasi imeneyi ndi TB zili pakati pa zoyambitsa zazikulu za matenda a ubongo mwa odwala a kacirombo.

Palinso toxoplasmosis, imene imapanga zotupa mu ubongo ndi kucititsa khunyu kapena kufa ziwalo mbali imodzi monga sitiroko. Mankhwala a Septrin amene amapatsidwa kwa a citetezo cotsika amathandiza kuipewa.

Mzinda wa Lusaka unathandiza dziko lapansi kupeza njira zolimbanirana ndi fangasi imeneyi. Kafukufuku wa REMSTART, amene anacitikira mu Lusaka ndi ku Dar es Salaam ndi kufalitsidwa mu 2015, anaonetsa kuti kupima fangasi m'magazi a anthu a CD4 yotsika, kuwapatsa mankhwala isanafike ku ubongo ndi kuwayendera kunyumba m'mwezi woyamba kunacepetsa imfa ndi 28 peresenti. Cipatala ca UTH cinalinso m'kafukufuku wa ACTA wa mu 2018, amene anaonetsa ubwino wa mankhwala a flucytosine. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linabvomereza cithandizo ca diripu imodzi yamphamvu ya liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mapilisi a masabata awiri, kenaka fluconazole kwa miyezi yambiri.

Nkhani ya madzi a mumsana

Kuti adziwe kacirombo kamene kali mu ubongo, madokotala amatenga madzi a mumsana. Apa ndi pamene mabanja ambiri m'dziko muno amakana, pokhulupirira kuti amene watengedwa madziwa amafa kapena kulemala.

Cikhulupiriro cimeneci cili ndi pocokera. Odwala ambiri amatengedwa madzi atafika kale pafupi ndi imfa, nthawi zina abale atakana kwa masiku angapo. Akamwalira, amene anali pambali pa bedi amakumbukira nyeleti imene anaona, osati matenda amene anali atakula kale.

Zoona zake ndi izi. Nyeleti imalowa m'munsi mwa msana, pansi pa pamene mtsempha waukulu umathera. Madzi otengedwa popima ndi ocepa, pamene thupi limapanga pafupifupi theka la lita ya madzi amenewa tsiku lililonse. Dokotala amayamba waona ngati wodwala ali woyenera, ndipo ena amayamba ajambulidwa mutu ndi makina a CT scan. Madziwo akatengedwa, fangasi imadziwika m'mphindi zocepa, ndipo TB imafufuzidwa ndi makina a GeneXpert.

Kwa wodwala fangasi, kucotsa madzi ndi cithandizo pakokha. Matendawa amacititsa madzi kuculuka m'mutu ndi kupanikiza ubongo. Kuwacepetsa, nthawi zina kangapo, kumapepuza mutu, kumateteza maso ndi kupulumutsa moyo.

Wodwala wotere sayamba ma ARV nthawi yomweyo. Amayembekezera masabata anai kufikira asanu ndi limodzi, cifukwa citetezo cikadzuka mwadzidzidzi fangasi ikali yambiri, ubongo ungatupe. N'cifukwa cake munthu amene wangopezeka ndi kacirombo ayenera kuchula za mutu wowawa asanalandire botolo loyamba.

Ana, khunyu ndi mankhwala

Mwa ana obadwa ndi kacirombo, bvuto la ubongo limaoneka mwa kucedwa kukhala pansi, kuyenda kapena kulankhula, kuleka zimene mwana anali atayamba kucita, ndi kuuma kwa miyendo. Ana okulirapo angabvutike m'kalasi. Kuyamba ma ARV m'miyezi yoyambirira ya moyo ndiko citetezo cacikulu, pamodzi ndi cakudya cokwanira ndi sukulu.

Munthu wamkulu amene wagwa khunyu koyamba afunika kupimidwa HIV. Amene ali kale pa ma ARV ayenera kuuza dokotala, pakuti mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine ndi phenobarbitone amacepetsa mphamvu ya ma ARV m'magazi.

Ma ARV ena akale a efavirenz anali kubweretsa cizungulire ndi maloto oopsa. Kuyambira mu 2018 dziko la Zambia linayamba kusinthira anthu ku mankhwala a TLD okhala ndi dolutegravir, ngakhale kuti nawonso amasowetsa ena tulo. Amene akumva zacilendo asaleke mankhwala okha, koma akafotokoze ku kiliniki.

Kumene thandizo limapezeka

Kwa zaka zambiri madokotala a ubongo ndi mitsempha anali ocepa kwambiri m'dziko muno, ndipo pafupifupi onse anali ocokera kunja. Mu 2018 maphunziro oyamba a ukatswiri umenewu anayamba pa UTH mogwirizana ndi sukulu ya udokotala ya University of Zambia, ndipo tsopano pali madokotala a ubongo a ciZambia amene anaphunzirira konkuno.

Odwala kwambiri amatumizidwa ku UTH kapena ku cipatala ca Levy Mwanawasa mu msewu wa Great East. Cipatala ca Chainama cimasamalira matenda a maganizo, koma munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi, makamaka ngati thupi latentha, afunika kuyamba wapimidwa matenda a m'thupi.

Zizindikiro zofuna cipatala tsiku lomwelo ndi mutu woopsa kapena wosaleka, kuuma khosi, kusokonezeka, kugona kosadzuka bwino, khunyu, kufooka kwa dzanja kapena mwendo, ndi kusaona bwino. Wodwala ubongo kawirikawiri sazindikira yekha kuti wasintha. Amene amayamba kuona ndi mkazi wake, mwamuna wake, mwana kapena mnzake wa ku nchito, ndipo ndi iwo amene angamuperekeze ku kiliniki, atanyamula khadi lake ndi mabotolo a mankhwala onse amene akumwa.