Kuyeza Chiopsezo cha Matenda Opatsirana Pamisonkhano Ikuluikulu

Pa nkhani ya zaumoyo, msonkhano umatchedwa waukulu pamene anthu achuluka kuposa madzi, zimbudzi ndi chithandizo cha chipatala chimene chilipo pamalopo. Choncho chiopsezo sichiyezedwa ndi chiwerengero chokha. Anthu zikwizikwi oonerera mpira pabwalo la Bingu ku Lilongwe kwa maola awiri akhoza kubwerera kwawo ali bwinobwino, pomwe anthu 300 ogona masiku atatu pa sadaka, akumwa mumtsuko umodzi, akhoza kudwalitsa mudzi wonse. Ife Asilamu timasonkhana kawirikawiri, pa Jumu'a, pa Eid, pa ziyala, pa ijtima ndi pa janaza, ndiye kayezedwe kameneka tiyenera kukadziwa.

Zimene Hajj yatiphunzitsa

Hajj ndi umodzi mwa misonkhano ikuluikulu kwambiri padziko lapansi. Mu 2019 kunasonkhana anthu pafupifupi 2.5 miliyoni. Mu 1865 kolera inapha mahaji zikwizikwi ku Makka, ndipo obwerera kwawo pa sitima zapamadzi anaifikitsa ku Egypt mpaka ku Ulaya. Mu 1987 kunabuka matenda oumitsa khosi, ndipo anabukanso mu 2000 ndi mu 2001 ndi mtundu wa kachilombo wotchedwa W135. Ena amene anadwala nthawi imeneyo sanapite n'komwe ku Makka, anali achibale a mahaji amene anawalandira kunyumba.

Ichi ndicho chifukwa chake boma la Saudi Arabia limalamula haji aliyense kubayitsa katemera wa ACWY masiku osachepera 10 asanafike m'dzikomo. Pa nthawi ya Covid-19, mu 2020, analola anthu ochepa kwambiri okhala m'dzikomo, ndipo mu 2021 analola anthu pafupifupi 60,000 obayitsa katemera. Ngakhale nsanamira yachisanu ya Chisilamu imayendetsedwa poyang'ana umoyo wa anthu.

Mafunso asanu oyezera chiopsezo

1. Kodi m'deralo, kapena kumene alendo akuchokera, kuli matenda anji pakadali pano? Alangizi a zaumoyo ndi chipatala chapafupi angatiuze.

2. Kodi msonkhano uli panja kapena m'nyumba? Chimfine, chikuku, chifuwa chachikulu ndi Covid-19 zimafala kudzera mu mpweya, makamaka m'chipinda chothinana chotseka mawindo. Nthawi zambiri minibasi kapena lole yopita kumsonkhano ndi yoopsa kuposa bwalo lenilenilo.

3. Kodi anthu akhala nthawi yaitali bwanji? Kugona komweko kumawonjezera chiopsezo chifukwa pamafunika kuphika, kusamba ndi zimbudzi.

4. Kodi madzi akuchokera kuti, nanga zimbudzi zilipo zingati? Kwa ife a m'mbali mwa nyanja funso lalikulu ndi limeneli. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anali ena mwa maboma okhudzidwa kwambiri.

5. Kodi akubwera ndani? Agogo, amayi oyembekezera, makanda ndi odwala shuga kapena mtima amafooka msanga akatenga matenda.

Mayankho ambiri akakhala odetsa nkhawa, okonza msonkhano achepetse masiku, achepetse anthu ogona komweko, kapena asunthe tsiku.

Njira zopewera

Madzi akumwa, ophikira thobwa ndi opangira wudhu awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo tikathira tidikire mphindi 30 tisanagwiritse ntchito. Wudhu tisaiwale: timatsuka mkamwa ndi m'mphuno, ndiye madzi otunga m'nyanja osatetezedwa amalowa m'thupi. Madzi akhoza kukhala oyera malinga ndi malamulo a twahara koma ali ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Chidebe chikhale cha mpopi, osati choti aliyense aziviikamo kapu.

Posamba m'manja tisagwiritse ntchito beseni limodzi. Tizithirirana madzi, ndipo sopo akhalepo. Mpunga, nsima ndi ndiwo ziperekedwe zikadali zotentha, ndipo amene akutsegula m'mimba asayandikire kophikira. Zimbudzi zikumbidwe tsiku lisanafike, kutali ndi chitsime ndi gombe, za amayi pazokha.

Mu mzikiti ndi m'holo mawindo atsegulidwe. Amene ali ndi chifuwa kapena malungo akhale kunyumba, ndipo zikavuta avale masiki. Opita ku Hajj abayitse katemera nthawi ikadalipo, ndipo pometa tsitsi ku Mina aliyense agwiritse ntchito lezala latsopano, poti lezala lobwerekana limafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C.

Pamsonkhano uliwonse pasankhidwe munthu mmodzi wosunga mapaketi a Thanzi ORS, amene akudziwanso galimoto kapena njinga yothamangira kuchipatala. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa chotaya madzi m'thupi. Wodwala ayambe kumwa Thanzi nthawi yomweyo, ali m'njira.

Kodi kupewa n'kusowa tawakkul?

Ena amati matenda ndi imfa zinalembedwa kale, ndiye kupewa n'kopanda phindu. Funso lomweli linabuka pakati pa maswahaba. Cha m'ma 639, Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) ali paulendo wa ku Sham, anamva ali pa Sargh kuti kutsogolo kwabuka mliri wa Amwas. Atafunsa maganizo a anzake anaganiza zobwerera ku Madina. Abu Ubayda ibn al-Jarrah anamufunsa ngati kumeneku sikunali kuthawa chikonzero cha Allah, ndipo Umar anamufotokozera kuti kubwererako nakonso kunali mkati mwa chikonzero chomwecho. Kenako Abdur-Rahman ibn Awf anatsimikiza kuti Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) analetsa kulowa m'dera la mliri, komanso kutulukamo mothawa. Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shariya, ndipo wodwala matenda opatsirana ali ndi chilolezo choswalira kunyumba.

Tikabwerera kunyumba

Msonkhano ukatha chiopsezo chimakhala chisanathe. Kolera imaonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku 5, matenda oumitsa khosi mpaka masiku 10, ndipo matenda a MERS, amene anadziwika koyamba ku Saudi Arabia mu 2012, mpaka masiku 14. Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, kutentha thupi, kuuma khosi kapena kubanika, apite kuchipatala msanga ndipo awauze madokotala kumene anali. Haji akabwera ndi chifuwa, abale apirire kaye pomukumbatira, makamaka ana ndi okalamba, mpaka atapeza bwino.

Allah ateteze mabanja athu, ndipo Iye ndiye Wodziwa kwambiri.