Kusiya Fodya: Zomwe Zimabwerera M'thupi ndi M'thumba

Amene anagonapo pagombe ku Msaka, ku Makanjira kapena ku Nkhotakota m'miyezi ya mwera akudziwa mmene usiku wa panyanja umazizirira. Asodzi ambiri ndudu yawo yoyamba anaiyatsira pomwepo, akudikira usipa kuti usonkhane pa nyali, poganiza kuti iwachotsera tulo ndi chisanu. Patapita zaka, bambo yemwe uja ndiye amene amatsokomola m'bandakucha mpaka kudzutsa nyumba yonse, ndipo akauzidwa kuti asiye amangoti, "Ine ndiye ndinachedwa kale." Madokotala sagwirizana nawo mawu amenewa. Thupi limayamba kudzikonza tsiku lomwelo limene munthu wasiya kusuta, kaya ali ndi zaka 25 kaya 60.

Chomwe chili mu utsi

Utsi wa fodya uli ndi mitundu ya mankhwala yoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iyo imadziwika kuti imayambitsa khansa. Chimene chimamanga munthu ndi nikotini. Ameneyu amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20 chikokereni utsi, amapereka kampumulo kochepa, kenako akayamba kuchepa m'magazi munthu amamva chibaba. N'chifukwa chake wosuta amaona ngati ndudu ndiyo imamukhazika mtima pansi, pamene kusakhazikikako kunabwera ndi ndudu yapitayo. Za chisanu zija nazonso n'zonama: nikotini amafinya mitsempha ya magazi, moti manja ndi mapazi zimazizira kwambiri kuposa kale.

Koma nikotini si amene amapha kwambiri. Phula la mu utsi limamatirira m'mapapo ndi kufooketsa timaubweya tating'ono tomwe timasesa zoipa m'njira za mpweya. Mpweya woipa wa carbon monoxide umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, mtima n'kumagwira ntchito yowirikiza. Chingambwe chokulunga m'pepala sichiposa ndudu ya m'sitolo ukhondo ngakhale chikhale cha m'munda mwanu. Shisha naye sachotsa poizoni chifukwa chodutsa m'madzi, ndipo fodya wofwenkha kapena woika m'kamwa ali ndi nikotini yemweyo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo angathe kupha mpaka theka la osuta amene sasiya. Kwathu kuno pali matenda awiri oyenera kuwatchula mwapadera. Kusuta kumawonjezera mpata wodwala TB komanso womwalira nayo. Ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Zoyambitsa zake n'zingapo, fodya ndi chimodzi mwa izo.

Thupi likapuma

Malinga ndi WHO, pakatha mphindi 20 zokha kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi kumayamba kutsika. Pakatha maola 12, carbon monoxide uja amabwerera pa mlingo wa munthu wosasuta. Pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kukoka mpweya wochuluka. Wopalasa bwato kapena wokoka khoka ndiye amayamba kuzizindikira yekha. Kutsokomola ndi kubanika kumachepa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9. Musadabwe ngati masabata oyambirira mukutsokomola kuposa kale, ndi mapapo akutulutsa zomwe zinaunjikana. Koma chifuwa chikapitirira masabata awiri chili ndi kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda kapena magazi, kayezetseni TB kuchipatala osazengereza.

Chaka chimodzi chikatha, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe. Pakati pa zaka 5 ndi 15, chiopsezo cha sitiroko chimafanana ndi cha amene sanasutepo. Pa zaka 10, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakhala pafupifupi theka.

Zambiri za izi zinadziwika chifukwa cha kafukufuku wa ku Britain amene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayambitsa mu 1951, wotsatira madokotala zikwizikwi kwa zaka 50. Anapeza kuti wosuta moyo wake wonse amataya pafupifupi zaka 10. Wosiya ali ndi zaka 30 amazipezanso pafupifupi zonse, wa zaka 40 amapeza 9, wa zaka 50 amapeza 6, ndipo wa zaka 60 amapezabe zitatu. Nthawi ya munthu ili m'manja mwa Allah, palibe akutsutsa, koma kusamala thupi ndi udindo womwe anatisiyira ife.

A m'nyumba amasuta nanu

Mwa imfa zomwe WHO imawerenga, zoposa miliyoni imodzi ndi za anthu osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. Mwana wokulira mu utsi amadwala chibayo, mphumu ndi matenda a m'khutu kawirikawiri. Mayi woyembekezera akamaupuma, mwana angabadwe wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Amayi ambiri a kunyanja amakhala kale mu utsi wa nkhuni pophika ndi powamba nsomba. Kuwawonjezera wa fodya m'chipinda chogona si chilungamo. Ndipo kwa abambo tinene mwaulemu: fodya amawononga mitsempha ya magazi thupi lonse, moti ndi chimodzi mwa zomwe zimachepetsa mphamvu za m'banja.

Masamu a ndudu

Fodya amabera munthu mwakachetechete chifukwa amagulidwa imodziimodzi pa hokala. Wosuta ndudu 10 patsiku amayatsa ndudu 3,650 pachaka. Mitengo imasiyana malo ndi malo ndipo ikukwera, choncho ikani mtengo wa kwanuko. Tingoyerekeza kuti imodzi ndi K200: imeneyo ndi K2,000 patsiku, K60,000 pamwezi, K730,000 pachaka. Funsani mayi a kunyumba kuti ndalama imeneyo ndi matumba angati a chimanga mu Januwale, kapena ndi matemu angati a mwana wa ku sekondale. Sitinawerengere za ulendo wa kuchipatala, mankhwala a chifuwa, ndi masiku omwe bwato lapita panyanja inu muli gone.

Amene akusiya ayese izi: tsiku lililonse ndalama ya fodya aziiika padera, m'kachitini kapena pa foni, osaisakaniza ndi ya ndiwo. Ikakhala yooneka ndi maso imalimbitsa mtima pa tsiku lomwe chibaba chavuta.

Kodi ma ulama amati chiyani?

Fodya anafika m'maiko a Asilamu cha m'ma 1600, patapita zaka pafupifupi chikwi kuchokera nthawi ya Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale naye), kotero ma ulama akale anasiyana maganizo. Ena ankamuletsa, ena ankati ndi makruh, ndipo Abd al-Ghani al-Nabulsi wa ku Damascus ankati n'ngololedwa. Nthawi imeneyo kuopsa kwake kunali kusanatsimikizike. Umboni wa zachipatala utachuluka, ambiri anasintha. Khonsolo ya fatwa ya dziko la Malaysia inagamula mu 1995 kuti kusuta ndi haraam, ndipo bungwe la Muhammadiyah ku Indonesia linachita chimodzimodzi mu 2010. Amatsamira pa ndime monga ya 195 ya Surat Al-Baqarah, yoletsa kudziwononga, ndi za 26 ndi 27 za Surat Al-Isra, zodzudzula kumwaza chuma. Pa mfundo yoti kusuta masana kumamasula swaumu, ma ulama a madhhab onse anayi amagwirizana.

Apa pali phunziro lomwe osuta ambiri saliona. Munthu amene amati sangathe ola limodzi popanda ndudu, mu Ramadan amatha maola oposa 12 tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu. Vuto ndi ndudu ija ya pambuyo pa Maghrib. Amene angaidumphe, n'kupita ku Taraweh, wayamba kale ulendo.

Kusiya kwake

Sankhani tsiku, muuze a m'banja ndi anzanu a m'bwato, ndipo mutaye fodya yense ndi machesi a m'thumba. Masiku atatu oyambirira ndiwo owawa: kupsa mtima, mutu, kusowa tulo, njala. Pakatha masabata awiri kufika anayi zambiri zimatha. Chibaba chimabwera ngati funde, chimakwera kwa mphindi zochepa n'kutsika chokha. Pa mphindi zimenezo imwani madzi, yendani, chitani udhu, kapena ikani mswaki m'kamwa kuti dzanja ndi pakamwa zipeze chochita. Dziwani nthawi zanu zoopsa: mukangotha kudya, pa tiyi, pa bawo, podikira nsomba usiku.

Alipo mankhwala othandiza, monga zomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini, komanso mapiritsi a bupropion ndi varenicline omwe amafuna uphungu wa dokotala. Funsani kuchipatala kapena ku famase, makamaka ngati muli ndi matenda a mtima, muli oyembekezera, kapena mukumwa mankhwala ena. Chingamu sichitafunidwa masana a Ramadan. Za zomata pakhungu, ma ulama ambiri amati sizimasula swaumu, koma kambiranani ndi Sheikh wa pa mzikiti wanu.

Ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo asanapambane. Mukasuta imodzi pa sabata lachitatu, musagule paketi poti zalephereka. Onani chomwe chakugwetsani, kaya ndi mnzanu wokupatsirani kaya ndi mkangano wa kunyumba, ndipo mawa lake mupitirize kuwerenga masiku.