MMENE "ZA M'BANJA" ZINAFIKIRA KUKHOTI

Anzanga a m'gulu muno, mwina munamvapo mayi akulira usiku nyumba yoyandikana nayo, wina n'kunena kuti, "Zisiyeni, ndi za m'banja." Mawu amenewa ali ndi mbiri yake.

Kale kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, mwamuna ankapita chikamwini. Mkazi ankakhala pakati pa abale ake, amalume ali pafupi. Mkamwini akanyanya kumenya, ankhoswe ankakhala pansi, ndipo zikavuta ankauzidwa kuti anyamule mphasa yake. Musaganize kuti nkhanza kunalibe. Zinalipo, koma mboni zinali pakhomo pomwepo.

Ntchito za m'tauni zitakokera mabanja ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, mkazi anapezeka m'nyumba ya lendi, kwawo kuli kutali. Chomwe anatsala nacho ndi mwambo wa alangizi uja woti banja ndi kupirira. Akapita kupolisi, kawirikawiri ankabwezedwa kuti akakambirane ndi ankhoswe.

Zinthu zinayamba kutembenuka ndi Malamulo a Dziko a 1994, omwe ndime 24 imati amayi atetezedwe mofanana ndi abambo. Kenaka apolisi anatsegula ma Victim Support Unit. Mu 2006, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja, mabungwe ngati WLSA atalimenyera kwa zaka. Mayi Joyce Banda, omwe anali nduna yoona za amayi nthawi imeneyo, anali atanena poyera kuti iwonso anathawapo banja la nkhanza. Lamuloli limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Limatetezanso abambo ndi ana. Mu 2017, Malamulo a Dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18.

Koma taonani: kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse omwe anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo. Lamulo linali litatha kale zaka pafupifupi 10.

Ndiye funso langa kwa inu ndi ili. Ambirife pano ndife ankhoswe, azilongo, amalume. Mchemwali wanu akabwera ndi diso lotupa, mumamuuza chiyani? Makolo aja ankathamangitsa mkamwini wankhanza opanda lamulo lililonse lolembedwa. Ife lamulo tili nalo, koma timamubweza mwana wathu ndi kathumba ka ufa, ati akapirire.

Tiuzeni, kwanuko ankhoswe amaweruza bwanji masiku ano?