Kupala moto m'nyimbo za akale

Loweruka lomaliza la mwezi wa August, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Woyimba mbalule pabwalopo sanadzipangire yekha kamenyedwe kake. Anakamva kwa mkulu wina, iyenso anamva kwa wina, ndipo aliyense anaikapo kake. Nyimbo ya chimtali imachoka mudzi uno kupita mudzi wina, mawu n'kusinthidwa kuti akhudze nkhani ya komweko. Oyimba athu ankapalana moto makina asanabwere.

Chimene makina anabweretsa ndi kugwira mawu enieni a munthu. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayendayenda mu Northern Rhodesia ndi Nyasaland kujambula nyimbo, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku South Africa. Alick Nkhata, amene anagwirapo naye ntchito, ankatenga nyimbo za kumudzi n'kuziyimba ndi gitala pa wailesi ya ku Lusaka, m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Anthu ankazimvera pa kawailesi kotchipa ka Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949.

Kenaka anyamata a ku Lusaka ndi ku Copperbelt anatchera khutu kunja. Anamva gitala ya Jimi Hendrix, anaona James Brown atadzayimba ku Zambia mu 1970, n'kusakaniza zimenezo ndi ng'oma za kwawo. Umo ndimo munabadwira Zamrock ya magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Kenneth Kaunda atalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za ku Zambia, zimbale zinachuluka.

Zaka zomwezo ku Bronx, mu New York, kunachitika zina. Pa 11 August 1973, DJ Kool Herc anayimba nyimbo pa phwando limene ambiri amati ndi pamene hip-hop inayambira. Iye anaona kuti ovina amasangalala kwambiri pamene woyimba wakhala chete n'kutsala ng'oma zokha, choncho ankaika zimbale ziwiri zofanana kuti kachigawoko kazibwerezeka. Pambuyo pake kunabwera makina odula kachidutswa ka nyimbo yakale n'kukaika m'nyimbo yatsopano, ndiye sampling imeneyo. Ng'oma za Clyde Stubblefield mu "Funky Drummer" ya James Brown zinalowa m'nyimbo mazanamazana, koma dzina lake silinali pa olemba nyimboyo, ndipo ndalama za umwini zinamulambalala. Nkhani yake imandiwawa, chifukwa ndi manja ake amene anavinitsa dziko. Mu 1991 khoti la ku New York linagamula mlandu wa sampling wa Biz Markie ndi Gilbert O'Sullivan, ndipo kuyambira pamenepo kupempha chilolezo kunakhala kosazembeka.

Tsopano a ku America ndi amene akudzapala moto kuno. Mu 2023 Travis Scott anatenga chidutswa cha "Nsunka Lwendo" ya Amanaz n'kuchiika mu "Sirens". Mu 2024 Tyler, the Creator anamanga "Noid" pa "Nizakupanga Ngozi", ya Ngozi Family, ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977, ndipo Chinyanja chinamveka m'makutu mwa anthu amene sanapondepo mu Lusaka. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, sanazione. Woyimba wa ku Zambia Sampa the Great naye, mu 2022, anayimba ndi WITCH polemekeza amene anamulambulira njira.

Lero mnyamata wa ku Sinda kapena ku Vubwi, akakhala ndi kompyuta ndi foni, angathe kuchita zimene kale zinkafuna situdiyo yonse. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali pakhomo pake pomwe. Koma za kudambwe zili ndi eni ake, sizijambulidwa mwachisawawa. Inu opanga nyimbo a kuno kum'mawa, jambulani agogo anu akali moyo, yambani mwapempha kwa iwo ndi kwa mafumu, lembani mayina awo pa nyimbozo, ndipo ndalama ikabwera muwagawireko.